Mkanda Wofiila Kawili pa Mwezi

Ine ndimagulitsa nthochi pa Nyimba, pamseu pomwe mabasi a ku Chipata amaima kuti anthu atambasule miyendo. Mukaona mtsikana beseni lili pamutu, dzanja lina likupeleka nthochi pawindo, lina lili pa foni, ndine ameneyo. Sukulu ndinalekela panjila koma kuwelenga sindinaleke, awe. Zambili zomwe ndidziwa ndinazitola mu foni, mpaka anzanga pamsika amati tsiku lomwe ndidzafe adzandiika m'manda ndi chaja. Ndanena izi kuti mudziwe kuti matendawa pomwe anabwela sanapeze munthu wogona.

Zinayamba titangokwatilana kumene. Mwamuna wanga ndi kondakitala wa minibasi ya pakati pa Nyimba ndi Petauke, munthu wofuula tsiku lonse pamseu koma akafika panyumba zii ngati wabeledwa mawu. Tsiku lina ndinamva kunsi kukunyelenyeza, kenaka kuyabwa, kenaka timatuza ting'onoting'ono ngati mwapsa ndi mafuta. Titaphulika, mayo ine! Kukodza kunali ngati munthu wathila tsabola. Ndinamuuza tsiku lomwelo, sindinabise, ndipo m'mawa mwake tinapita tonse ku kiliniki.

Anesi anali amai ena aakulu thupi, osathamanga polankhula. Anatipima magazi tonse awili, kachilombo kaja tonse timakaopa kunalibe, chindoko kunalibe. Anandiona ine kuseli kwa katani nati, "Mwana wanga, iyi ndi hepizi. Mvetsetsa bwino. Mapilisi ndikupatsawa sakapha kachilomboka, amangokagoneka. Kamakhala m'thupi moyo wonse, ndipo kadzadzukanso, makamaka ukadwala malungo, ukatopa kwambili, olo ukakhala ndi nkhawa." Mapilisi ake amawatcha asaikulovila. Anati ndikangomva kunyelenyeza kuja ndisadikile matuza, ndiyambe kumwa, zilonda zimafupika. Anati ndizisamba kumeneko ndi madzi ofunda a kamchele pang'ono, ndizithila madzi pokodza kuti zisawawe, ndileke zovala zothina, ndipo m'nyumba tisagonane kuyambila pa kunyelenyeza mpaka khungu litapola. Zikamabwela pafupipafupi, ati kuli njila ina, kumwa mapilisiwo tsiku lililonse.

Mwamuna wanga anali pompo pabenchi. Koma ndikuuzeni, amuna akamva kuti magazi ali bwino makutu amatseka sitolo. Zina zonsezo zinamudutsa pamwamba. Potuluka anangoti, "Basi tachila," nathamangila minibasi yake.

Zinapola ndithu. Miyezi inapita, mvula inabwela, malungo anandigwetsa, ndipo ndikungodzuka kumene pa malungopo ndinamva kunyelenyeza kuja. Sindinanjenjemele. Ndinali nditawelenga kale zonse, ndinali ndilinso m'gulupu ina ya pa foni ya azimai a matenda omwewa, ena a ku Kopala kumigodi, ena a ku Malawi. Ndinayamba mapilisi. Vuto linali limodzi, kumuuza bwanji bambo wa panyumba kuti sabata ino ayi. Paja alangizi anatiphunzitsa kuti mkazi sanena zotele ndi pakamwa, amaika mikanda pabedi, wofiila ukakhala kumwezi, woyela ukayela. Mkanda wa hepizi alangizi alibe. Ndiye ndinatenga wofiila womwewo ndikuika pa pilo.

Kansi munthu amawelenga! Kondakitala, ntchito yake ndi kuwelenga mitu. Anaunyamula mkandawo nati, "Iwe, mwezi uno wofiila waonekela kawili. Uli ndi miyezi iwili m'mimba mwako?"

Ndinaseka, ndinamuuza kuti ndi zija zabwelanso. Sanaseke. Anakhala pansi nayamba kuyala nkhani ngati akupeleka chenji. Ati matenda tinapita nawo kuchipatala, mankhwala unamwa, unachila. Ati ine pathupi panga palibe olo kachilonda kamodzi, ona. Manje ngati abwelanso, wawatenga kuti? Ati pamseu paja madalaivala a mathilaki amaima angati?

Ndinalankhula, mwandi, ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Ndinamutsegulila foni, anaikankhila kumbali. Anatenga chikwama napita kukagona kwa amalume ake, ndipo patapita masiku amalumewo, amene anali ankhoswe ake, anatumiza mawu kuti nkhani ikakambidwe kwathu kumudzi, ku Luembe. Sanatchule zothetsa ukwati, koma munthu akati tikakutule kwa akwanu, mumadziwa nokha.

Amai anga anamwalila kale, amalume anga ali kutali ku migodi. Wamkulu wotsala kwathu ndi ambuya, mng'ono wawo wa amai a amai anga. Musaganize za nkhalamba yokoma mtima yopatsa ana mbatata. Ambuyawa ana amawathawa. Amakhala okha kumapeto kwa mudzi ndi mbuzi zawo, fodya wa m'mphuno ali m'kabotolo, pakamwa ngati lumo. Chibadwile changa sindinaonepo mwamuna pakhomo pawo, olo wobweleka nkhwangwa. Tinkangomva kuti anakwatiwapo kalekale, zinatha, basi.

Ndinatsogolako ndi njinga ya hayala. Ndinawapeza masana akumwetsa mbuzi mankhwala a njoka za m'mimba, ataipana pakati pa maondo.

"Mkazi mnzanga wabwela," anatelo osandiyang'ana. "Mwamuna wathu wamusiya kuti? Wakuthamangitsa? Ndinanena ine kuti uja akufuna ine."

"Ambuya, nkhani yavuta."

"Gwila miyendo iyi, uzilankhula uko ukugwila."

Ndinagwila mbuzi, ndinafotokoza zonse, timatuza, mapilisi, mkanda. Nditafika pa mkanda anaisiya mbuzi ija, inathawa ndi mankhwala kukamwa. Ambuya anaseka, koma kuseka koipa, kopanda mano.

"Wofiila kawili," anatelo. "Ha! Mtundu uno sutha kuphunzila."

Anakhala pa mtondo wogwetsa, nanunkha fodya, nayamba. Ati inali nthawi ya Fedeleshoni, iwo ali kamtsikana mabele ali chilili. Amuna onse a mudzi uno anali ku Walale, dziko lija la kumwela, kuminda ya fodya ndi kumakhichini a azungu, chifukwa msonkho unkafuna ndalama ndipo ndalama kuno kunalibe. Mwamuna wawo ankabwela pakapita chaka, chitupa m'thumba, jekete paphewa, ulendo wina anabwela ndi njinga mudzi wonse unatuluka kudzaona. Atabwelela ulendo woyamba, iwo anatsala ndi timatuza.

"Ndinapita kwa mai wina wodziwa mitengo kutsidya kwa dambo. Anandipatsa makungwa oviika, ati uzikhalila m'mbale. Zinapola. Ndinamupatsa nkhuku. Zitabwelanso anati walakwa ndiwe, unathila mchele m'ndiwo uli wodetsedwa. Ndinaleka kuthila mchele, ndinkaitana kamwana ka eni kudzandithilila. Zinapola. Nkhuku ina."

"Ambuya, zimapola zokha! Olo osamwa kanthu zimapola, ndiye zimabwelanso."

"Ukundiuza ine? Nkhuku zinali zanga."

Ati ulendo wina mwamuna atabwela pa tchuthi, zinatuluka ali pompo. Anachita zomwe ndinachita ine, wofiila pamphasa. Munthu wayenda ulendo wonse uja kuchokela ku Walale, masiku ake ndi owelengeka, ndiye akuona wofiila sakuchoka. Anafunsa, anaona, sanakalipe. Anawakweza pa njinga mpaka ku kachipatala kena kufupi ndi Petauke, ulendo wa tsiku lathunthu, matako kuchita dzanzi. Kumeneko kunali bambo wina wovala kabudula woyela, nyeleti zake za jekeseni ankaziphika m'kapoto. Masiku amenewo chilonda chilichonse cha kunsi chinali chindoko basi, ndipo mankhwala ake inali nyeleti ya penisilini, yomwe anthu ankaikhulupilila kuposa ubatizo. Anawabaya. Anawapakanso jivi, mankhwala aja a mtundu wa bilingano.

"Jiviyo ndiye anandiulula. Analowa mu nsalu, osachoka olo uchape ndi phulusa. Ndikayanika, azimai a pachitsime ankangogwilana zigongono."

Zinapola, mwamuna anapita ku Walale mtima uli m'malo. Chaka chinzake atabwela, tsoka ilo, zinatulukanso. Pamenepo ndiye panalibe zokambilana. Akulu anakhala pansi, anati nyeleti ya azungu siinama, munthu anachila, ngati zabwela ndiye kuti pali wina amalowa m'nyumba mwini ali ku ntchito. Anawafunsa dzina la mwamunayo mpaka dzuwa kupendeka. Dzina analibe. Paja kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, ndiye anangomanga bulangeti lake pa njinga, natenga khasu ndi nkhwangwa, napita. Sanabwelenso.

"Nthawi imeneyo anthu anali pa ndale, kumisonkhano, kuimba kuti Fedeleshoni ithe. Ine ndinkaimba nawo kwambili. Mumtima ndinkati zinthu zonse zoipa zinabwela pamodzi, zidzapitanso pamodzi. Fedeleshoni inatha, anthu anavina. Mwezi womwewo timatuza tili mbwee."

Ndinafuna kulila koma ambuya salola zimenezo pakhomo pawo. Analowa m'nyumba natuluka ndi kabotolo ka jivi kouma kale, ati paka. Ndinati ayi ambuya, ine ndili ndi mapilisi. Anati mapilisi amapita m'mimba, chilonda chili kunsi, nzelu zako zili kuti? Tinakangana mpaka mbuzi kubwela zokha. Sanagonje, inenso sindinagonje.

Kenaka ndinati, "Mailo mukanene zimenezi pabwalo."

"Wapenga? Ndivule pamaso pa amuna ine, ndi imvi izi? Dzina langa linaola kale, lisiye ligone. Iwe si uli ndi foni yodziwa zonse? Ikakuyankhile."

M'mawa mwake anabwela, mwamuna wanga ndi amalume ake, bambo aatali a jekete la tchalitchi, aulemu wawo ndithu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo pamipando, ine pamphasa, ambuya chapatali akusenda chinangwa ngati nkhaniyo si yawo. Netiweki kumeneko imapezeka pa chulu chokha, ndiye ndinali nditajambulilatu masamba onse mu foni.

Amalume anayamba bwinobwino. "Amai, ife sitinabwele ndi ndeu. Mwana wathu ali bwino, thupi lake ndi losalala. Mwana wanu anadwala, anachila, wadwalanso. Ife tikungofuna atiuze kumene akuzitenga, kuti tidziwe pothandiza."

Ndinapempha kulankhula, ndipo nditayamba sindinaime. Ndinati kachilomboka kamabisala m'mitsempha, mankhwala okachotselatu kulibe dziko lonse, olo kwa azungu. Ndinati anthu ambili ali nako osadziwa, satuluka kanthu, koma amatha kupatsila. Ndinati ndi mtundu umodzi ndi zilonda zija zimatuluka pamlomo munthu akadwala malungo. Ndinkapeleka foni, ndikuilanda, ndikutsegula tsamba lina, mawu akuthamanga kuposa ine mwini. Ndinkadziona ndekha kuti ndikuchulutsa, koma mabuleki anali ataduka.

Amalume anadikila ndithe. Anati, "Mwana wanga, foni yomweyo inatiuza chaka chatha kuti dziko likutha. Tili pano. Ndipo ukati mwina mwana wathu ndiye ali nako, ukutukwana munthu wopanda chilonda."

Mwamuna wanga ankangokumba pansi ndi kamtengo. Ndinaona kuti zapita. Ndinayamba kuganiza kuti mapoto anga ndidzawanyamula bwanji kuchoka ku Nyimba.

"Asebele."

Anali ambuya, akuitana amalume aja monga amaitanilana makolo a mbali ziwili za ukwati. Sanadzuke, mpeni uli m'manja.

"Asebele, inu munakulila mudzi wapafupi pano. Muli kamnyamata munkaba mango mumtengo uno, ndinakuthamangitsani ndi muchi wosinjila. Mukundidziwa. Tandiuzani, chichokele mwamuna wanga, munamvapo kuti mwamuna walowa m'nyumba umo?"

Amalume anakhosomola. "Awe amai, sitinamvepo."

"Angayese ndani? Manje mvelani. Zomwe ali nazo mwanayu ndili nazo ine. Zinandithela ukwati Fedeleshoni isanathe. Mwamuna anapita, zinabwela. Ufulu unabwela, zinabwela. Chaka cha njala zinabwela kangapo. Mpaka tsitsi ili kuyela zinkandiyendela, mwa apo ndi apo, ngati mlamu wosauka. Ndiye ndikufunseni inu odziwa kuwelenga mikanda, zaka zonsezo ndinkazitenga kwa ndani? Kwa mbuzi?"

Amalume anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso. Munthu wamkulu chonchija kunena za kunsi kwake pamaso pa apongozi, kwathu sizichitika. Ambuya anatembenukila kwa mwamuna wanga.

"Iwe mwamuna wanga, mnzako uja anali ndi njinga, iwe uli ndi minibasi ya eni. Ukafuna kupita pita, msewu ndi womwewo. Koma usanamizile mwana."

Amalume sanagamule kanthu. Anangoti nkhaniyi yakula kuposa iwo, ana apite okha kuchipatala akamve bwino, ndipo ananyamuka osadikila chakudya.

Alendo atapita ambuya anandiitana kuseli kwa khola. Mawu anali atatsika. "Mapilisi akowo, nthawi ija analiko?"

Ndinati ayi, anabwela pambuyo kwambili.

"Olo kwa azungu? Paja ife nyama tinkagulila pawindo la sitolo, iwo mkati. Ine zaka zonsezi ndimati mankhwala enieni anali mkati."

"Kunalibe, ambuya. Olo mkazi wa bwanamkubwa akanapakidwa jivi yemweyo."

"Chabwino," anatelo. "Nayenso azipita ndi nsalu yake pachitsime." Anandithamangitsa kuti ndikatunge madzi.

Ku kiliniki tinapeza anesi omwe aja. Ulendo uno ndinatseka pakamwa panga ndi dzanja, zoona, dzanja lenileni, kuti amve kwa eni ake. Mwamuna wanga anafunsa funso limodzi lomwe linkamudya, ati ndani anapatsa mnzake. Anesi anati palibe angadziwe, kachilomboka kamatha kukhala chete zaka munthu asanakwatile n'komwe, mwina ndi iye, mwina ndi ine, mwina tonse tinabwela nako. Anamufunsa ngati asanandikwatile anali mngelo. Iye anayang'ana kudenga. Anesi anamuuza za makondomu, kuti amachepetsa koma satsekelatu, ndi za masiku oyenela kupewana. Iye mwini anafunsa za mwana, ine ndinadabwa. Anesi anati ana tidzabeleka bwinobwino, chachikulu ndikadzakhala ndi pakati ndidzanene msanga ku sikelo, chifukwa kumapeto kwa mimba amapeleka mapilisi, ndipo zilonda zikapezeka tsiku lobeleka pali njila ina yotulutsila mwana. Za kumwa tsiku lililonse tinagwilizana kuti tiyambe taona, popeza kwa ine sizibwela kawilikawili. Mpaka lelo ndimangomwa zikayamba, ndipo nthawi zina zimathela pa kuyabwa pompo.

Titatuluka anayenda nane mpaka pamsika, chikwama chake chili paphewa, beseni langa la nthochi lili pamutu. Pafupi ndi mabenchi a nthochi anati, "Ugule ndiwo za anthu awili."

Basi? Ndiwo za anthu awili? Ndinatula beseni pansi. Ndinati bambo, munanditengela kumudzi pamaso pa anthu, munandipatsa madalaivala a mathilaki onse a mseu uno, nkhalamba yavula chifukwa cha inu. Pakhomo mulowa, ndi panu, koma dzina langa mulibweze kumene munalitaya.

Anati ndidzawauza amalume tsiku la Sondo. Ndinati foni ndi iyi, muli mayunitsi.

Anaima pamenepo, anzanga a nthochi akunamizila kukonza mabeseni, makutu ali tcheu. Anaimba. Ndinadina kuti mawu amveke panja. Amalume atayankha, kondakitala wanga uja wofuula mseu wonse analankhula ngati mwana wa Sande sukulu, koma analankhula. "Amalume, ndine. Tachoka kuchipatala. Mkazi wanga sanalakwe kanthu. Mukawauzenso ambuya kuti ndanena ndine."

Amalume anati, "Ambuyawo ukawauze wekha, ine ndimawaopa."